Tubu ya M'ntchafu Mwanga

Moni nonse abale ndi alongo anga mwa Ambuye, a kuno ku Tsangano, a kwathu ku Macanga, ndi inu muli kutali amene nkhaniyi yakupezani pa foni. Mtendere ukhale nanu. Dzina langa ndine Rozina, ndimalima kachewere, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine za mantha ayi. Njoka ikalowa m'nyumba sindidikira mwamuna, ng'ombe yolusa ndimaigwira pamphuno. Koma lero ndabwera kudzakuuzani za matenda amene anandilowa m'ntchafu, ndi za tsiku limene ndinaopa mpaka kudzinyowetsa ngati khanda. Tsiku limenelo abale anga enieni anatsala pang'ono kundipha pofuna kundichiza, koma Mulungu anandilanditsa.

Zonsezi zinayamba ndi ngolo. Tinkatsika nayo kuchokera kumunda itadzaza matumba a kachewere, ine ndikuyenda m'mbali mwake. Paja tsoka silinunkha. Titafika pamtsetse ng'ombe imodzi inaterereka, ngolo inapendekeka n'kundigwera, chitsulo cha m'mbali n'kundilowa m'ntchafu, pamwamba penipeni chakumphechepeche. Magazi otero sindinawaonepo chibadwire, ankachita kuthamanga. Bambo a kwathu, amuna anga, anandimanga ndi lamba wawo, anthu anandinyamula, ndipo za m'njira sindikumbukako kanthu. Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala chachikulu cha mumzinda, mwendo wonse uli m'mabandeji.

Dotolo amene anandichita operasau anadzandifotokozera kudzera mwa enifirimera, namwino wodziwa Chichewa. Anati mtsempha waukulu wopititsa magazi kumwendo unadukiratu, ndipo panalibe posokera. Ndiye pamalo podukapo analumikizapo tubu, kapaipi koyera kofewa, n'kukasokerera ku mtsempha uku ndi uku. Anandiuza kuti magazi onse a mwendo umenewu azidutsa m'menemo moyo wanga wonse. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kunena mawu amene enifirimera uja anawabwereza kawiri: pamenepa pasadzabayidwe, pasadzatemedwe, ndipo pakadzangotupa kapena kutentha ndidzathamangire kuchipatala, chifukwa tubu ikang'ambika magazi atha munthu asanamalize kufuula.

Ndinachira bwinobwino, ndinabwerera kumunda. Za tubuyo ankadziwa ndi bambo a kwathu ndi ana basi. Inunso mukudziwa, malo akewo ndi ochititsa manyazi, mayi wamkulu ngati ine sindikanamayenda ndikufotokozera anthu za m'mphechepeche mwanga. Abale akafunsa ndinkangoti anandisoka, Mulungu ndi wabwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuno ku Tsangano ndinabwera ndi ukwati, koma kwathu kwenikweni ndi ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga. Chilimwe chotsatira abale anagwirizana zomanga chiliza cha malemu amayi anga, ndipo ine monga mwana wawo woyamba ndinayenera kutsogola. Bambo a kwathu anatsala akuthirira kudimba, anati atipeza mwambo ukayandikira. Shapa, minibasi ija, inanditsitsa pamsewu, kotsalako ndinayenda pansi ndi katundu pamutu, ndipo amene munafikako kumudzi kwathu mukudziwa kuti si pafupi. Nditafika sindinakhale pansi. Kusinja, kutunga madzi a omanga, kuphika thobwa, zonsezo ndinali momwemo.

Patapita masiku pang'ono chipsera chija chinayamba kuyabwa. Kenako chinayamba kutentha. Ndinati mwina ndi mwanabele wobwera ndi ulendo uja, koma kutacha ndinapeza patatupa ngati dzira la nkhuku, khungu lili psuu, ndipo thupi lonse linkanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Apa m'pamene mawu a dotolo aja anandibwerera. Ndinayesa kuimbira bambo, koma kwathu kuja rede ya foni imapezeka pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sukulu, ine mwendo wokwerera chulu ndinalibe. Ndinaitana mng'ono wanga Luwiza, ndinamuonetsa, ndinamuuza kuti andipezere choyendera chopita kuchipatala cha ku Furancungo msangamsanga. Luwiza anati galimoto imene inkatuta simenti ya chiliza yapita, ibwera mawa. Anayang'ananso chotupacho n'kunena kuti, "Koma mana, akulu anga, chithupsa chomwechi mpaka ku Furancungo? Dikirani ndikaitane amayi aakulu."

Amayi aakuluwo ndi Anambewe, akulu awo a malemu amayi anga. Ndi mayi wamfupi, wosaseka pachabe, wa manja okhakhala ngati a mwamuna chifukwa cha fodya. Mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo, munthu akatuluka chithupsa amapita kwa iwo, ndipo ankanyadira kuti chithupsa chimene afinya iwo sichibwereranso. Kwathu chithupsa chili ndi kachitidwe kake. Amayamba achipsetsa ndi masamba a nsatsi ofunditsa pamoto, chikaphulika amachifinya mpaka utuluke muzu wake, kanthu kaja koyera kolimba kamene kamakhala pakati. Amati muzu ukatsalira chithupsa chimabereka zinzake. Ndipo pofinyapo wodwalayo amagwiridwa ndi amayi amphamvu, palibe amene amamvera zonena zake, chifukwa aliyense pamenepo amalira, amatukwana, amanama kuti wachira, wina mpaka amati akufuna kukataya madzi. Mwini chithupsa akamakuwa kwambiri, ogwirawo ndiye amalimbitsa manja.

Anambewe anabwera madzulo, anaika masamba awo, anamanga ndi kansalu. Ndinawauza kuti kuchipatala anandiletsa. Anandiyankha kuti masamba sanaphepo munthu, n'kutuluka. M'mawa mwake chotupa chija chinali chitaphulika chokha. Mafinya ake, abale, fungo lake ndimalimvabe mpaka lero ndikangokumbuka. Malungo anali atandikwera kumutu, zinthu ndinkaziona ziwiriziwiri, lilime litalemera.

Anandinyamula kupita nane kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene amuna sadutsa, n'kundigoneka pamphasa. Nditaona amayi ena awiri akumangirira makapulana awo, nsalu zija, m'chiuno, ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana.

"Amayi, musakhudze pamenepo. Muli tubu m'menemo."

"Muli chiyani?"

"Tubu. Adotolo anaikamo tubu."

Amayi aja anaseka. Wina anati, "Ee, Rozina wasanduka njinga tsopano, tizimupopa!" Anambewe sanaseke, anangopukusa mutu n'kunena kuti ndi malungo, mwanayu akubwebweta, gwirani. Mmodzi anandikhalira pabondo. Wina anandipanikiza manja onse awiri pamwamba pa mutu. Luwiza anatenga mutu wanga n'kuuika pamiyendo pake, akundisisita, akuti pirirani mana, zitha pompano.

Ndinakuwa. Ndinakuwa m'Chichewa, ndinakuwa m'Chipwitikizi chochepa chimene ndimadziwa, ndinatchula dzina la amayi anga, ndinawalumbirira pa Mulungu kuti sindikunama. Ndinaluma mkono wa amene anandigwira uja, iye anangoti, "Epa, ali ndi mano!" n'kuwonjezera mphamvu. Zonse zimene ndinkanena zinali zomwe zija amanena aliyense wa chithupsa. Ndipo amene ankandipanikizawo sanali adani, anali anthu ondikonda, anasiya ntchito zawo kudzandithandiza.

Anambewe anapukuta mafinya ndi kansalu konyowa, anawerama, ndipo ndinamva mawu awo akukondwa.

"Si uwu muzu! Taonani kukula kwake. N'chifukwa chake mwanayu wavutika chonchi."

Ine ndinadziwa chimene aona. Chinthu choyera m'kati mwa ntchafu yanga chinali chimodzi chokha. Anatulutsa singano yaikulu ija yosokera ziguduli za fodya, anaiwotcha nsonga pakhala lamoto, kuti akole muzuwo ndi kuusolola. Nditaona singano imeneyo mkodzo unangotuluka wokha, sindikubisirani. Mawu anandithera. M'maganizo ndinaona ana anga akulandira uthenga ku Tsangano, ndinaona bambo awo ataima m'dimba ndi keni yothirira m'manja. Ndinadziwa kuti ndifa pamphasa pomwepa, kuseri kwa chigafa, magazi anga athera m'dothi la kwathu, ndipo amayiwa adzakhala moyo wawo wonse osamvetsa chimene chinachitika.

Pamenepo ndinapemphera. Silinali pemphero lokongola ngati la m'tchalitchi, pakamwa sipanatuluke liwu. Mumtima ndinangoti, Ambuye Yesu, ine anthuwa sakundimva, lankhulani nawo Inu. Ndinabwereza chomwecho, ndinabwerezanso. Ndinamva kutentha kwa nsonga ya singano ikukhudza m'mphepete mwa bala. Ndinatseka maso.

Kenako singano inaima.

Anambewe ali ndi chizolowezi chawo, asanakole muzu amayamba augwira ndi nsonga ya chala kuti amve kumene wagonera. Ndinamva chala chawo chikulowa pabala, chikukhala pamenepo, osasuntha. Amayi aja anali akuchezabe, wina akuseka nkhani ya kulumidwa kwake.

"Takhalani chete inu!"

Kunangoti zii. Chala chinakhalabe pomwepo. Nditatsegula maso ndinaona nkhope ya Anambewe itasintha, ndipo chibadwire ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha.

"Chinthuchi chikugunda," anatero motsitsa mawu. "Zithupsa ndafinya kuyambira ndili namwali. Muzu sugunda."

Singano inagwera pamphasa. Anawerama mpaka nkhope yawo inafika pafupi ndi yanga.

"Iwe Rozina, unati muli chiyani muno?"

"Tubu, amayi. Magazi onse a mwendowu akudutsa m'menemo."

"Mayo ine, mwana wa mng'ono wanga! Musiyeni! Chokani pabondopo!"

Atandisiya ndinadzutsa mutu kuyang'ana, ndipo ndinaiona ndi maso anga tubu ija, mbali yake yoyera ili poyera pakati pa mnofu wowola, ikudumpha pang'onopang'ono. M'mphepete mwake munali kutsika kamzere ka magazi ofiira kwambiri, kakang'ono ngati ulusi. Singano inali isanaibaye, koma pamene anaisokerera paja panali patayamba kale kulekana.

Kuyambira pamenepo Anambewe ndi amene analamulira mudzi. Anatuma Luwiza kukaitana amuna, anagwetsa chitseko cha khitchini kuti chikhale machila. Ndipo taonani ntchito za Mulungu, akunditulutsa kuseri kuja, galimoto ya simenti ija inali itangofika kumene, anyamata atangoyamba kutsitsa matumba. Woyendetsa anati adikire kaye amalize. Anambewe anamuyang'ana kamodzi kokha n'kumuuza kuti simenti ilibe ana. Matumba otsalawo anawagubuduzira pansi, anandikweza kumbuyo, iwo n'kukwera nane pamodzi ndi Luwiza.

Msewu wa ku Furancungo mukuudziwa, maenje ake ndi fumbi lake. Tisanapite patali galimoto inagwera m'dzenje, ndinamva ngati china chake chaduka m'kati, kenako kufunda kukuyenderera kumsana. Luwiza anakuwa. Kapulana imene anandifunditsa inafiira nthawi yomweyo. Anambewe anavula mpango wawo kumutu, anaupinda, anauika pabala, anakunga chibakera n'kutsamirapo ndi thupi lawo lonse atagwada. Ululu wake unandichititsa kuona mdima, koma magazi anachepa.

Ulendo wonsewo sanachotse dzanja. Galimoto ikadumpha iwo ankadumpha nane, maondo awo akumenyeka pachitsulo. Ine ndinkangoona mtambo ndi nsonga za mitengo zikudutsa. Dzuwa linali lotentha koma ndinkamva kuzizira kuyambira kuzala za kumapazi kukwera m'mwamba, ndipo ndinayamba kumva tulo tokoma kwambiri. Tulo timeneto ndi timene tinandiopsa kuposa singano, chifukwa ndinkatifuna. Ndikangotsinzina, Anambewe ankandikalipira m'khutu.

"Usagone! Iwe, tsegula maso! Ife tikumanga chiliza chimodzi, wamva? Chimodzi!"

Ankalira uku akukalipa, misozi ndi fumbi zikundigwera pankhope. Luwiza anali akuimba nyimbo ya kutchalitchi koma mawu ake ankangodukaduka. Ine mumtima ndinali ndi pemphero limodzi lokha, lakuti Ambuye mwandipulumutsa ku singano, musandisiye pamsewu.

Ku Furancungo enifirimera atangoyang'ana anauza Anambewe kuti asachotse dzanja ngakhale pang'ono. Anandiika soro, madzi aja olowa m'mitsempha, mikono yonse iwiri, anaitanitsa ambulansya, ndipo m'pamene bambo wina wa pachipatalapo analowa m'malo mwawo kupanikiza. Koma chibakera cha Anambewe chinakana kufunyululuka. Zala zinali zitauma momwemo, anachita kuwawongola chimodzichimodzi. Pamene ankatseka chitseko cha ambulansya ndinawaona atakhala pansi pakhonde, opanda mpango kumutu, atayang'ana dzanja lawo lamagazi.

Kuchipatala chachikulu anandipatsa magazi, anamanga podukapo, ndipo dotolo anadzandiuza zimene zinachitika. Anati tizilombo tinalowa n'kukakhazikika pa tubu ija. Mnofu wa munthu umadziteteza wokha, ndipo mankhwala amayenda ndi magazi n'kufika paliponse, koma tubu si mnofu. Tizilombo tikamatirirapo timapanga ngati ndere za mumtsuko, mankhwala amangodutsa pamwamba, ito tili pansi tikudya pamene anasoka. Ndinati mumtima, uyu ndiye khoswe wa pamkhate, ukamuponya mwala uswa mkhate womwe. Dotolo anati njira ndi imodzi yokha, kuchotsa tubu yonse, kudula mnofu wowola, ndi kutenga mtsempha wina kumwendo wabwinowu kuti ulowe m'malo mwake. Sanandilonjeze kuti ndidzuka. Luwiza atamufotokozera za singano, dotolo anagwira kumutu n'kunena kuti akanangokoka, ngakhale pagalimoto sindikanafika.

Operasau yoyamba ija ndinalowa ndisakudziwa kanthu, koma iyi ndinalowa ndili maso, ndikudziwa zonse. Bambo a kwathu anali atafika, anapereka magazi awo, anayenda m'mbali mwa bedi mpaka pachitseko pamene anawabweza. Enifirimera wina anandigwira dzanja. Ndinamupempha kuti anene nane Atate Wathu. Iye ankanena m'Chipwitikizi, ine m'Chichewa, ndipo sindikumbuka ngati tinafika kumapeto.

Ndinadzuka, abale. Choyamba ndinayesa kugwedeza zala za kuphazi, ndipo zinagwedezeka. Koma musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Ndinakhala m'chipatala milungu yambiri, bala lili losatseka, akulitsuka tsiku ndi tsiku, mankhwala opha tizilombo akulowa m'mitsempha mpaka mikono inasowa pobaya. Thupi likangofunda pang'ono ndinkati basi tabwerera. Ndikamva kunyowa pabedi ndinkaopa kuyang'ana. Odwala anzanga ena ankatuluka atawaphimba nsalu kumutu, ine n'kumadzifunsa ngati mawa si ine. Koma pang'onopang'ono mnofu watsopano unayamba kumera, mafinya anauma, ndipo tsiku lina dotolo ananena mawu amene ndinawamva popanda womasulira, akuti ndizipita kwathu.

Nditabwerera ku Tsangano ndinkangokhala pakhonde, kuyenda kwanga kunali kuchoka pabedi kufika pakhomo ndi ndodo. Masana ena ndinaona munthu wamfupi akubwera ndi nkhuku kukhwapa. Anali Anambewe, amene shapa amadana nayo ndipo ku Tsangano anali asanapondeko. Atafika kumapeto kwa bwalo anaima, n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Bambo anapita kukawalonjera kuti afike pakhonde, iwo anakana. Ndinawamva akunena kuti, "Ndifika bwanji pakhomo pa mwana amene ndinafuna kumupha? Ingolandirani nkhukuyi, ndamuona ali moyo, ndibwerere."

Ndinatenga ndodo yanga. Bambo anati ndikhale pansi, ndinawauza kuti andisiye. Bwalo lathu si lalikulu koma tsiku limenelo linatalika, thukuta linali kamukamu, mwendo ukukoka. Ndinafika pamene anakhala, ndinadzigwetsa pambali pawo, ndinatenga dzanja lawo lamanja lija n'kuliika pachifuwa panga. Ndinawauza kuti, "Amayi, ine ndinapempha Mulungu kuti alankhule nanu, ndipo munamva. Dzanja ili ndi limene linanditsekera magazi mpaka ku Furancungo. Dzukani tikalowe m'nyumba." Tinalira pamenepo ngati pamaliro, nkhuku n'kuthawa ndi chingwe chake kumwendo, ana akuithamangitsa.

Lero ndimayenda motsimphina, khasu ndimagwira pang'ono, koma ndili moyo. Ndikuthokoza Mulungu amene anaimitsa singano ija. Ndikuthokoza madotolo ndi maenifirimera amene mayina awo ambiri sindikuwadziwa, woyendetsa galimoto uja, mng'ono wanga Luwiza, bambo a kwathu, ndi inu a mpingo amene munkapempherera ndi kudyetsa ana anga ine kulibe.

Ndipo ndikupempheni, ngati m'thupi mwanu anakuikani chinthu kuchipatala, uzani abale anu muli bwino, muli ndi nzeru zanu zonse, manyazi asakugwireni. Pakatupa, pakatentha, musadikire kuti papse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Inunso ogwira odwala manja ndi miyendo, nthawi zina tamverani chimene munthu akukuwa.

Kwa inu amene muli m'mantha lero, kaya ndi matenda kaya ndi chiyani, mwina mwakuwa mpaka mawu atha, ndipo ngakhale okukondani sakukumvani. Ndikudziwa mmene zimakhalira, ndinagonapo pamphasa imeneyo. Musaleke kuitana. Ine pakamwa panga sipanatuluke liwu ngakhale limodzi, koma Iye anamva. Ameni.